Vaneti ya a Laiton Wogogoda Denga

A Laiton Chimtengo sankakhulupirira chinthu chimene sanachigogode. Benchi ya m'tchalitchi ankayamba aigogoda ndi chala asanakhalepo. Dzungu pamsika, kugogoda. Tsiku lina pamaliro ndinawaona ndi maso angawa akugogoda bokosi, anamfedwa n'kutembenuka, iwo osachita n'komwe manyazi, amvekere, "Matabwa abwino awa."

Sinali misala, inali ntchito yawo. Mumgodi wa malasha wa Nambala 2 ku Wankie, akaphulitsa miyala utsi n'kuchoka, woyamba kulowa anali iwo, atanyamula chitsulo chachitali chimene tinkati mgwala. Ankagogoda denga phazi ndi phazi, khutu lili tcheru. Denga likalira kuti ngwee, ndiye kuti mwala ngwolimba, lowani. Likalira kuti bubu, ndiye kuti pamwambapo pali mwala wolekana ndi unzake, ukungodikira mutu wa munthu. Ine Gabrieli ndinali wa fosholo m'gulu lawo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo tsiku lililonse ndinkalowa pansi pa denga limene iwo anena kuti lili bwino, osayang'ana n'kumwamba komwe. Tonse tinali choncho. Ngakhale mzungu woyang'anira chigawo chathu sankaponda malo atsopano a Laiton asanagwedeze mutu.

Anachoka kwawo ku Ntcheu mu 1938, mbali yaikulu ya ulendowo wapansi, atanyamula bulangete limodzi ndi kalata ya ubatizo. Akazi awo a Elesi anawatsatira nkhondo itatha, ali ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Tecla. Anali munthu wamfupi wa mapewa otambalala, ndipo akamayankhula nawe pafupi ankakuwa ngati uli tsidya lina la mtsinje. Mtima anali nawo wabwino, koma kukayikira anthu ndiye kunali kwawo. Wopima nyama ya lesheni ankamuyang'ana chala, osati sikelo. Kalata yochokera kumudzi ankaiwerengetsa kwa anthu awiri osiyana, kuopa kuti woyambayo wadumpha mzere. Zaka zimene tinasamukira m'nyumba zatsopano za ku Lwendulu anayambanso kudandaula kuti anthu akawaona akubwera amayamba kunong'ona. Anafika mpaka kwa akatekisiti kukanena kuti woimba belu wachita ulesi, belu silikumvekanso ngati kale. Ife tinkangoseka, n'kumati ukalamba wayamba ndi mkwiyo.

Pofika 1957 anali atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pansi pa nthaka, mawondo atayamba kuwakana. Mtima wawo unali pa chinthu chimodzi, kutuluka mumgodi ndi miyendo yawo iwiri n'kusabwereranso. Njira anali ataipeza. Kumtsinje wa Zambezi, pamene mtsinje wa Deka umathira, asodzi a Chitonga ankagulitsa nsomba zouma motchipa, pamene kukomboni anthu ankazilimbirana. Chosowa chinali galimoto basi. Kuyendetsa anaphunzira kwa dalaivala wa lole ya kumishoni, ndipo laisensi anaipeza atalephera kawiri, kulephera kumene mpaka imfa yawo ankati woyesayo anachita dala. Ndalama zinali ku positi ofesi, zawo pamodzi ndi zimene a Elesi ankapeza posoka madiresi. Zinali zokwanira kugula kamodzi kokha, ndipo akanalakwitsa ndiye kuti mgodi mpaka kalekale.

Nthawi yomweyo kunamveka kuti Fideli akugulitsa vaneti yake. Vaneti ndi dzina limene tinkatchula timagalimoto ta bokosi kumbuyo, timene ana a masiku ano amati pikapu. Fideli anali wa ku Tete, munthu wamtali wosachedwa kuseka, amene ankagulitsa nkhuni m'makomboni. Bambo ake anali atamwalira ndipo ankabwerera kwawo kukasunga minda. Galimotoyo anaigula kwa mlimi wina wa chizungu, amenenso anaigula kwa munthu wina. Inali yobiriwira kumene penti inatsalira, chitseko chakumanzere chomanga ndi waya.

A Laiton anandipempha kuti ndikawaperekeze ngati mboni. Tinapita Lamulungu titaweruka kutchalitchi, iwo akadali mujekete, koma m'thumba muli hamala.

"Fikani, achimwene," anatero Fideli. "Iyi ndiye nkhalamba yanga. Ionereni nokha."

"Ndiiona," anayankha a Laiton. "Inu khalani patali."

Anavula jekete n'kundipatsa, n'kulowa pansi pa galimoto chagada. Tinangomva ngwe, ngwe, ngwe, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Anagogoda zitsulo zonse zapansi, masipuling'i limodzilimodzi, mikombero inayi. Atatuluka anawerenga zigamba za matayala, anasolola kachitsulo koyezera oyilo, kununkhiza, kutikita pakati pa zala, mpaka kulawa pang'ono. Anali atamva ku holo ya mowa kuti ogulitsa magalimoto amathira utuchi m'magiya kuti asalire, choncho analamula Fideli kuti atsegule aonemo. Utuchi munalibe. Nkhope yawo inaoneka ngati akhumudwa.

Kenako anasuzumira pa wotchi yowerenga mamailo. Inkaonetsa zikwi makumi atatu ndi chimodzi.

"Musapusitsike ndi manambalawo," anatero Fideli. "Wotchiyi inafika kumapeto n'kuyambiranso. Ndinaona ndekha chaka chatha, manambala onse atasanduka mazira. Injiniyi yayenda kwambiri, sindikubisirani."

Pobwerera a Laiton anandigwira mkono. "Wamumva? Wavomera kuti inazungulira kamodzi. Ndiye kuti inazungulira kawiri."

"Mwina akungonena zoona, a Laiton."

"Zoona? Wa ku Tete akugulitsa chinthu? Gabrieli, ndiwe mwana."

Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi ndi ana atatu, koma kwa iwo ndinali mwana ndithu.

Lamulungu lachiwiri anapita okha mosalengeza, kuti akamupeze Fideli asanakonzeke. Anakapeza Kingston telala ataima pafupi ndi vanetiyo akucheza ndi mwini wake, ndipo atawaona, atero iwo, onse awiri anatsitsa mawu. Sabata yonseyo nkhani mumgodi inali yomweyo. Pa nthawi yopuma ankandifunsa kuti telala angafunirenji galimoto, ndalama angazitenge kuti, nanga n'chifukwa chiyani anavala chipewa chatsopano.

Lamulungu lachitatu tinapita atatu, iwo, a Elesi ndi ine. Linali tsiku loyesa injini. Fideli anapukusa handulo kawiri, vaneti n'kudzuka ikunjenjemera, utsi wabuluu uli tolotolo kumbuyo. A Laiton asanakwere, Fideli anawaimika.

"Achimwene, pali chinthu chimodzi ndikuuzeni pamaso pa amayiwa. Injiniyi ikatentha, mkati mwake mumalira kanthu, ti, ti, ti. Tobiasi wa ku galaja ya kampani anamvetsera, akuti ndi chitsulo cha pansi pa injini chatha, chofunika kusintha musanayende ulendo wautali. N'chifukwa chake mtengo ndatsitsa. Mukaigula muyambe mwapita nayo kwa iye."

A Laiton anamuyang'ana nthawi yaitali osaphethira. Kenako anakwera, a Elesi pambali pawo, ine kubokosi. Tinapita mpaka kusiteshoni ya sitima, kukwera chitunda cha kumauvuni a malasha, n'kubwerera, kawiri konse, kufikira boneti inatentha yosagwirika. Titafika kwa Fideli anasiya injini ikulira, n'kutsegula boneti, n'kuweramira momwemo. Anatseka maso monga ankachitira mumgodi. Anatembenuza khutu lakumanja, kenako lakumanzere.

Ine ndinali nditaima mapazi asanu kuchokera pamenepo, ndipo ndinkakamva. Pansi pa phokoso lonse la injini panali kamawu kakang'ono kosalekeza, ti, ti, ti, ngati munthu akugogoda kapu ndi supuni.

A Laiton anaweramuka n'kutseka boneti. "Mulibe kanthu," anatero.

"Abambo a Tecla," anatero a Elesi mwaulemu, "ine ndikumva kanthu kakulira."

"Amayi a Tecla, pakati pa inu ndi ine, amene amadya ndi khutu lake ndani?"

A Elesi anayang'ana pansi. Kenako a Laiton anatembenukira kwa ine. "Gabrieli, iwe ukumva chiyani?"

Apa ndiye pamene ndimadzida mpaka lero. Ndinali ndi makutu awiri abwinobwino ndi pakamwa, koma ndinaganiza kuti ine ndani woti nditsutse khutu la Nambala 2, khutu limene landisunga wamoyo zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinaganiza kuti mwina kamawuko n'kachabe, iwo akukamva koma akudziwa kuti sikoopsa. Ndinati, "Inu ndiye mukudziwa, a Laiton."

Anatikokera pambali, kuseri kwa mulu wa nkhuni, n'kuyamba kunong'ona, kunong'ona kwawo kumene Fideli ankakumva bwinobwino ali pakhonde. "Mwaiona nzeru yake? Unayamba waona munthu akunyoza katundu wake yemwe? Telala uja wamuonjezera mtengo. Tsopano akufuna ine ndiope, ndichoke ndekha, iye agulitse kwa mnzakeyo popanda mlandu. Wandipeza ndili maso."

"Bwanji tikamufunse Tobiasi?" anatero a Elesi.

"Tobiasi amaimba kwaya imodzi ndi Fideli. Anapangana kale."

Anagula tsiku lomwelo, mapaundi makumi asanu ndi awiri. Fideli analandira ndalamazo koma sanaseke monga mwa masiku onse. Anati, "A Gabrieli, ndinu mboni, ndanena za injini." A Laiton anandigwinya ndi chigongono, kundionetsa kuti munthu waluza. Patapita masiku anayi Fideli anakwera sitima, ndipo pambuyo pake tinamva kuti Kingston anangopita kumeneko kukamuyeza buluku la paulendo.

Kwa Tobiasi sanapite. Anati ulendo woyamba wa nsomba ukayenda bwino, tikiti yawo ya ntchito ya mwezi umenewo ikatha akatsazika ntchito. Unali mwezi wa Okotobala, nthawi imene ku Wankie ngakhale agalu amakana kutuluka pamthunzi. Tinanyamuka Lamulungu m'mamawa, atatu omwe aja, tchalitchi titajomba. Popita zonse zinayenda bwino. A Laiton anayendetsa atakhala mowongoka, chipewa chili pamphumi, akuimba nyimbo ya Chilatini imene sankaidziwa mawu ake. Kumtsinje anakangana ndi asodzi ola lathunthu, kununkhiza nsomba iliyonse, mpaka tinadzaza madengu asanu ndi limodzi. Sindinawaonepo akusangalala ngati tsiku limenelo, ndipo nanenso ndinayamba kukhulupirira kuti ndinkaopa zachabe.

Tinayamba kubwerera dzuwa lili paliwombo. Msewu unali wamchenga, wokwera, ndipo katundu anali wolemera. Ndili kubokosi pakati pa madengu ndinamva kamawu kaja kakukula. Sikanalinso ti, ti, ti, kanasanduka kho, kho, kho. Kudzera pa kagalasi kakumbuyo ndinaona a Elesi akuwagwira mkono amuna awo, akuloza kutsogolo, iwo akupukusa mutu. Ndinamenya denga la galimoto ndi chikhatho. Anangokweza dzanja kundiuza kuti ndigwiritse. Tinayendanso mwina mailo imodzi. Kenako ndinawaona akuyang'ana kumapazi kwawo modabwa, chifukwa tsopano kugogodako kunkawafika m'miyendo. Asanaponde buleki kunamveka phoo, galimoto n'kudzuma, n'kuima.

Tinatsika. Oyilo wakuda ankatsikira mumchenga, ndipo m'mbali mwa injini munali bowo loti n'kulowa chibakera. Tinali pakati pa tchire la mitsanya, ndipo amene anakhalako ku Wankie mwezi umenewo akudziwa mmene nyenje zimalirira masana. Mtengo uliwonse unkalira, kulira kobaya m'mutu, koti munthu ufune kutseka makutu.

A Laiton anavula chipewa, napukuta thukuta, nayang'ana uku ndi uku.

"Tchire lake lili zii bwanji," anatero. "Ngakhale kachilombo kamodzi."

A Elesi anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana.

"Mukuyang'anirana chiyani?" anakalipa a Laiton. "Mwayambanso zonong'ona zija?"

A Elesi anapita kukaima patsogolo pawo penipeni, pamene akanatha kuwaona pakamwa, n'kuyankhula mokweza. "Abambo a Tecla, nyenje zikulira. Tchire lonseli likulira. Belu la kutchalitchi silinasinthe, ndipo palibe munthu ku Lwendulu amene amakunong'onezani. Ndakhala ndikufuna kukuuzani chaka chonse, koma ndimaopa." Atatero anayamba kulira.

A Laiton anatembenukira kwa ine. Ndinangogwedeza mutu kuvomereza. Anaima pamenepo atatseka maso, khutu lakumanja, khutu lakumanzere, monga anachitira pa injini. Kenako anakakhala pansi pamthunzi wa galimoto mpaka lole yonyamula mitengo inatipeza n'kutikoka kukafika ku Lwendulu. Tobiasi anabwera madzulo omwewo, anasuzumira kamodzi n'kunena kuti injiniyo yafa, yofunika ina, ndipo ina sakanaipeza ndi ndalama zimene analibe.

M'mawa mwake linali Lolemba. Zimene ndinkadziwa ine palibe wina m'gulu lathu ankazidziwa, ndipo ndikunena mosabisa kuti ndinatsika mumgodi ndili ndi mantha. Ndinkawamvera chisoni, komanso ndinkawaopa. Galimoto yapita, ndalama zapita, chimene chinawatsalira chinali mgwala ndi malipiro ake, amene anali abwino kuposa athu. Akanangokhala chete palibe akanawafunsa. Ine ndemwe, amene ndinalephera kunena za injini, sindikudziwa ngati ndikanalimba mtima kukawanenera.

Ataphulitsa, utsi utachoka, analowa monga mwa masiku onse, ife titaima kumbuyo ndi mafosholo athu. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndi ziwiri ndinayang'ana kumwamba. Anagogoda apa, anasuntha, anagogoda apo. Atafika pakati anagogoda kawiri, anaima, anagogodanso. Kenako anatembenuka, nyali ya pachipewa chawo n'kundiwalira m'maso.

"Gabrieli, bwera kuno."

Ndinapita.

"Ndigogoda. Undiuze chimene ukumva, osati chimene ukuganiza kuti ndikufuna kumva."

Anagogoda.

"Bubu," ndinatero, mokweza.

"Ine ndimati ngwee," anatero iwo.

Anatibweza tonse m'mbuyo, analowetsa nsonga ya mgwala m'kamng'alu kamene sindikanakaona, n'kukanula. Mwala waukulu ngati chitseko unatsika n'kusweka pamalo pomwe ine ndi anzanga awiri tikanaima ndi mafosholo. Fumbi litachepa anayenda kupita kwa mzungu wathu, namupatsa mgwala ndi manja awiri.

"Ini ndaba, madala?" anafunsa mzunguyo m'Chilapalapa, kufuna kudziwa chavuta.

A Laiton analoza khutu lawo. "Mina aikona izwa," anatero. Sindikumva.

Dokotala wa kampani atawayeza anatsimikiza zomwezo. Kampani inawapatsa ntchito ya pamwamba, yotola miyala pa lamba wonyamula malasha, pamodzi ndi nkhalamba ndi ovulala, malipiro osafika theka la akale. Mumgodi anatulukadi ndi miyendo yawo iwiri monga ankafunira, koma nsomba za ku Zambezi sanagulitsepo, kupatula madengu asanu ndi limodzi aja amene a Elesi anagulitsa pakhomo. Ku Ntcheu sanabwerere. Anagwira ntchito pa lamba uja zaka khumi ndi chimodzi, ndipo manda awo ali konkuno.

Sabata imene anayamba pa lamba ndinapita kukawaona. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, atakhala pa chitini pafupi ndi vaneti, imene anali ataikweza pa njerwa.

"Tsiku lija kwa Fideli," anatero, akundiyang'ana pakamwa, "unamva?"

"Ndinamva."

"Nanga unakhaliranji chete?"

"Ndinkaopa khutu lanu, a Laiton."

Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira akanatero. M'malo mwake anati, "Ukadziwa wina wopita ku Tete undiuze. Ndikufuna kumulembera kalata munthu uja. Ndinamuyesa wakuba pakhomo pake pomwe." Kalatayo ndinawalembera ine, ndipo sanapemphe munthu wachiwiri kuti aiwerenge.

Vanetiyo inakhala pa njerwa paja zaka zonsezo. Matayala anagulitsa, mpando unalowa m'nyumba, nkhuku za a Elesi zinkaikira mazira pamalo a dalaivala. Popita kuntchito ndinkadutsa kuseri kwa nyumba yawo, ndipo nthawi zambiri tinkatulukira pamodzi. M'mawa uliwonse akamadutsa pa galimotoyo ankaima pang'ono, kugogoda boneti kawiri ndi chala, n'kutembenukira kwa ine kuti ndiwauze mmene yalirira.